Kudziwa mpira si kudziwa juga

Pa Chinguluwe, m'boma la Salima, munthu waluso sabisika. Mlimi wodziwa thonje amaonekera pasikelo msika ukatsegulidwa, ndipo katswiri wa bawo amadziwika chifukwa aliyense womuderera amadzuka pamkeka nkhope ili yakugwa. Masiku ano kwabuka akatswiri a mtundu wina, omwe amati amadziwa kubetcha pa mpira. Luso lawo limamveka kwambiri pakamwa, makamaka Loweruka masana m'mashowu oonetsera mpira wa ku England, koma palibe sikelo yomwe idaliyezapo. M'chimangirizo chino ndikufuna kuonetsa kuti ambiri mwa amene ndalama zawo zikuthera pa kubetcha amaudziwa ndithu mpira, ndipo kudziwako ndi kumene kukuwapweteka, chifukwa kumawapatsa chikhulupiriro choti angathe kugonjetsa masamu a kampani yobetchetsa.

Juga si yachilendo kuno kwathu. Makhadi ndi madayisi akhala akutchovedwa kuseri kwa misika kuyambira kale, ndipo wotchova juga ankachita mobisa podziwa kuti mbiri yake ikamveka, ngakhale mbeta ya pamudzi imukana. Boma lidakhazikitsa lamulo loyendetsera juga m'chaka cha 1996, koma zinthu zidasinthiratu kampani ya Premier Bet itayamba ntchito zake m'dziko muno m'chaka cha 2015. Makampani ena adatsatira, ndipo m'chaka cha 2022 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano lomwe lidabala bungwe la MAGLA loyang'anira juga ndi malotale. Lero mnyamata wa ku Chinguluwe safunikanso kupalasa njinga mpaka pa Kamuzu Road kuti akabetche. Foni yokhala ndi intaneti komanso ndalama pang'ono mu Airtel Money kapena Mpamba n'zokwanira.

Dzina nalo lidasintha. Munthu yemweyo amene angakwiye mutamunena kuti ndi wa juga amavomera mosangalala kuti amabetcha. Mawu oti juga amanunkha ulesi ndi umbava, pomwe kubetcha kumamveka ngati ntchito ya munthu wozindikira, wotsata nkhani za masewera, wodziwa kupenda. Kusintha kwa dzinaku kwachotsa manyazi omwe ankatchinjiriza anthu ambiri, ndipo m'malo mwa manyaziwo mwalowa kunyada.

Nkhaniyi ndi yaikulu kwa dera ngati Chinguluwe chifukwa cha momwe ndalama imabwerera. Mlimi wa thonje, mtedza kapena chimanga amagwira ndalama yooneka kamodzi pachaka. Ndalama yomweyo ndiyo iyenera kugula feteleza, mbewu ndi mankhwala opopera, kulipira fizi ya ana, n'kutsalako yodzagulira chakudya m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikauma. Wapantchito akaluza amadikira malipiro a mwezi wamawa. Mlimi akaluza amadikira chaka chathunthu, ndipo munda wa chaka chimenecho umakhala utafa kale chifukwa chosowa zipangizo. Akuluakulu adati ndidyeretu chire adasowa mbewu.

Tiyeni tiyambe tafunsa kuti luso n'chiyani. Pa bawo zonse zili poyera. Maenje 32 ndi njere 64 zili pamaso pa osewera onse awiri, ndipo wodziwa kuwerenga amaoneratu komwe dzanja lake likagonere asanatole njere. Akalakwitsa amadyedwa nthawi yomweyo, ndipo amadziwa pomwe walakwitsa. Akasewera zaka khumi amakhala wosiyana kwambiri ndi wongoyamba kumene. Msodzi wa ku Senga Bay naye amaphunzira kuzindikira mwera usanafike chifukwa nyanja imamulanga msanga akalephera kuiwerenga. Luso limakula pomwe zotsatira zikuchokera m'manja mwa munthu mwini, komanso pomwe kulakwa kumaoneka msanga ndi mosabisa. Pa kubetcha zinthu ziwirizi palibe. Zotsatira zili m'miyendo ya anthu 22 omwe ali kutali ku Manchester, ndipo wobetcha angathe kupambana ataganiza mopusa kapena kuluza ataganiza mwanzeru. Mphunzitsi wotere, wopereka mphotho ndi chilango mosayang'ana ntchito, sangaphunzitse munthu kanthu ngakhale patapita zaka makumi awiri.

Chinanso chomwe wobetcha amaiwala ndi yemwe wakhala naye pamkeka. Iye amaganiza kuti akulimbana ndi mpira, chonsecho akulimbana ndi kampani yomwe ili ndi makompyuta ndi akatswiri a masamu, ndipo kampaniyo idatenga kale gawo lake masewera asanayambe. Tiyerekeze kuti pali mpikisano womwe mbali ziwiri zili zofanana mphamvu, monga kuponya ndalama yachitsulo m'mwamba. Mwachilungamo, woika K1,000 akapambana amayenera kulandira K2,000. Kampani sipereka choncho. Imaika ma odds a 1.90 mbali zonse ziwiri. Anthu awiri akaika K1,000 aliyense, wina uku wina uku, kampani imalandira K2,000 n'kubweza K1,900 kwa wopambana. K100 yotsalayo ndi yake, kaya wapambana ndani. Apa palibe kuba kulikonse, ndi momwe bizinesiyi idapangidwira. Tanthauzo lake ndi loti pa K100 iliyonse yomwe anthu abetcha pa mpikisano wotere, K5 sibwereranso kwa iwo.

K5 ikuoneka yochepa, koma obetcha ambiri kwathu kuno saika timu imodzi. Amalumikiza magemu ambiri pa tikiti imodzi kuti kandalama kochepa kabale zambiri. Tiyerekeze kuti katswiri wathu wasankha magemu 10, ndipo ndi wodziwadi moti pa gemu iliyonse amalondola maulendo 7 mwa 10. Masamu a ku sekondale akutiuza kuti magemu onse khumi adzalondola pamodzi kamodzi kokha pa matikiti pafupifupi 35. Ngati kampani ikudula K5 pa K100 pa gemu iliyonse, tikiti ya K1,000 yotereyi ikapambana imabweretsa ndalama pafupifupi K21,000. Tsiku limenelo mudzi wonse umamva. Chomwe sichimveka ndi choti kuti afike pa tsikulo, mwachizolowezi amakhala atawononga K35,000. Gawo la kampani lija, lomwe lidali K5, lakula kufika pafupifupi K40 pa K100 iliyonse, ndipo walikulitsa ndi mwini wake powonjezera magemu omwe ankati ndi odziwikiratu.

Masamu omwewa akufotokozanso dandaulo lomwe limamveka sabata iliyonse, loti timu imodzi yokha ndiyo yaononga tikiti. Kwa munthu wolondola maulendo 7 mwa 10, kulondola magemu 9 n'kuphonya imodzi kumachitika pa matikiti 12 mwa 100 aliwonse, pomwe kulondola onse kumachitika pa matikiti atatu okha. Choncho kuphonya ndi timu imodzi kumabwera kanayi kuposa kupambana. Wobetcha amakuwerenga ngati umboni woti watsala pang'ono kufika, pomwe ndi chinthu chomwe chimayenera kuchitika kawirikawiri kwa aliyense wolemba tikiti yaitali.

Wina anena kuti iye ndi wosiyana, chifukwa amadziwa osewera ovulala, amadziwa timu yomwe imavuta pakwawo, ndipo sadaphonyepo gemu ya Premier League. Sindikukana kuti amadziwa. Vuto ndi loti zomwe akudziwazo kampani ikuzidziwanso, ndipo idaziika kale mu mtengo. Aliyense akudziwa kuti timu yaikulu ikakumana ndi yaing'ono pakwawo kawirikawiri imapambana, n'chifukwa chake ma odds ake amakhala ngati 1.20. Pa mtengo umenewo K1,000 imabala K200 yokha, ndipo munthu ayenera kulondola maulendo asanu mwa asanu ndi limodzi kuti angobweza ndalama yake, osapindula kanthu. Kuti apindule ayenera kudziwa chinthu chomwe kampani ndi obetcha ena mamiliyoni padziko lonse sakuchidziwa. Nkhani yomwe wamva pawailesi kapena waiona pa Facebook siingakhale chinthu chimenecho.

Ofufuza adaziyesapo izi. Pa mpikisano wa mayiko a ku Ulaya wa 2008, Yasser Khazaal ndi anzake a ku Switzerland adafunsa anthu oposa 250 kuti alosere zotsatira za magemu 10 oyambirira. M'gululo mudali akatswiri a mpira monga makochi, osewera ndi atolankhani a zamasewera, mudali ongokonda mpira, komanso mudali anthu wamba osautsata n'komwe. Zotsatira zomwe zidasindikizidwa m'chaka cha 2012 zidaonetsa kuti akatswiri aja sadalosere bwino kuposa enawo. Ife Amalawi sitiyenera kudabwa nazo. Pa 11 Januwale 2010, mu mzinda wa Luanda, Flames ya Kinnah Phiri idathibula Algeria 3-0, chonsecho Algeria idali itapeza kale malo ku World Cup ya chaka chomwecho. Zambia idatenga chikho cha Africa mu 2012 pogonjetsa Ivory Coast ya Didier Drogba. Leicester City idatenga ligi ya ku England mu 2016 pomwe makampani adaiika pa 5,000 kwa 1 ligi isanayambe, ndipo Saudi Arabia idagonjetsa Argentina ya Lionel Messi 2-1 mu Novembala 2022. Mpira timaukonda chifukwa cha zodabwitsa zoterezi, ndipo zodabwitsa zomwezi ndi zomwe zimang'amba matikiti.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu wanzeru zake amapitirizabe kudziyesa katswiri? Choyamba n'choti kudzikweza pa luso ndi chibadwa cha anthu kulikonse. M'chaka cha 1981, Ola Svenson adafunsa madalaivala kuti adziyerekeze ndi anzawo. Mwa a ku America omwe adafunsidwa, 93 mwa 100 aliwonse adati ali m'gulu la theka lodziwa kwambiri kuyendetsa, ndipo mwa a ku Sweden adatero ndi 69. Sizingatheke kuti pafupifupi onse akhale pamwamba pa anzawo. Mutafunsa akabaza a pa Salima kapena ife ophunzira za momwe timalembera, yankho silingasiyane kwenikweni.

Chachiwiri n'choti munthu akapatsidwa mpata wosankha amayamba kuona ngati ali ndi mphamvu pa zotsatira. Ellen Langer adaonetsa izi m'chaka cha 1975 pogulitsa matikiti a lotale a dola imodzi. Ena adawalola kusankha okha tikiti, ena adangowapatsa. Atawapempha kuti agulitsenso matikitiwo, osankha okha ankafuna pafupifupi madola 8.67, pomwe ongopatsidwa ankafuna madola 1.96, ngakhale matikiti onse adali ndi mwayi wofanana. Zaka zingapo izi zisanachitike, mu 1967, James Henslin adaona kuti madalaivala a matakisi a ku St. Louis potchova madayisi ankaponya pang'onopang'ono akafuna nambala yaing'ono, n'kuponya mwamphamvu akafuna yaikulu. Kubetcha pa mpira kwadzaza ndi kusankha: ligi, timu, zigoli, makona, makhadi achikasu. Kusankha kulikonse kumamuonjezera munthu maganizo oti akugwira ntchito ya ubongo, pomwe gawo la kampani lili pomwepo pa chilichonse chomwe wasankha.

Masewera a Aviator, omwe ambiri amawatcha kandege, adafika nacho patali chinyengo cha m'maganizochi. Kampani ya Spribe yomwe idawapanga mu 2019 imanena poyera kuti amabweza 97 pa 100 iliyonse yomwe yabetchedwa. Pomwe kandege kathawire pamasankhidwa ndi kompyuta mosatsata ndondomeko iliyonse yomwe wosewera angaiphunzire, ndipo ulendo uliwonse sudalira womwe wapita. Koma poti chala cha wosewera ndicho chimadina kuti atuluke, iye amakhulupirira kuti nkhani yagona pa changu ndi kudekha kwake. K3 pa K100 imaoneka yochepa mpaka utakumbukira kuti ulendo umodzi umatha m'masekondi. Woika K500 maulendo 100 usiku umodzi wazunguza K50,000, ndipo mwachizolowezi K1,500 yatsalira komweko. Ena amadikira kuti kandege kagwe msanga maulendo angapo, amvekere tsopano kakwera basi. Maganizo omwewa adasaukitsa anthu ku Monte Carlo pa 18 Ogasiti 1913, pomwe kampira ka pa gudumu la juga kadagwera pakuda maulendo 26 motsatizana, anthu akuunjika ndalama pofiira poganiza kuti nthawi yake yakwana. Gudumu silikumbukira zomwe lachita, kompyuta nayonso chimodzimodzi. Za anthu ogulitsa manambala a kandege ndi magemu okonzeratu pa WhatsApp, funso ndi limodzi: munthu wodziwa zotsatira za mawa angavutikirenji kukupemphani K2,000?

Chachitatu chili m'chiyankhulo chathu chomwe, ndipo ife ophunzira zinenero tiyenera kuchitchera khutu. Tamverani momwe wobetcha amafotokozera sabata yake. Akapambana amati ndawina, ndaphula, ndawadya, ndidaiona gemu imene ija. Mwininkhani wa ziganizo zonsezi ndi iye. Akaluza amati Arsenal yandigwetsa, refu wandiphera tikiti, kandege kandithawa, ndalama yapita. Tsopano mwininkhani ndi wina, ndipo iye wasanduka pamtherankhani, munthu wongochitiridwa zinthu. Simudzamva kawirikawiri wina akunena kuti ndidapenda molakwa. Thomas Gilovich adapeza zofanana ndi izi mu 1983 pakati pa obetcha pa mpira wa ku America: kupambana ankakulandira osafunsa mafunso, koma kuluza ankakufotokoza mwatsatanetsatane mpaka kuoneke ngati kupambana komwe kudangosokonezedwa ndi tsoka. Munthu akamayankhula chonchi kwa chaka, m'mutu mwake mumatsala mbiri ya katswiri yemwe amangolakwiridwa ndi ena.

Palinso mawu oti mwayi. M'Chichewa mawu amodzi omwewa timawagwiritsa ntchito ponena za mpata, monga mwayi wa sukulu kapena mwayi wa ntchito, ponena za kukomeredwa ndi zinthu mosayembekezera, komanso ponena za kachulukidwe ka maulendo omwe chinthu chingachitike. Wotsatsa malonda akanena kuti musataye mwayi wanu, khutu limamva tanthauzo loyamba, lija makolo amatiuza kuti tisalisewerese. Tanthauzo lachitatu, lomwe likadamuuza munthu kuti mwayi wakewo ndi kamodzi pa 35, silimveka n'komwe. Pamwamba pa izo, opambana amajambulidwa atanyamula chicheke chachikulu, pomwe oluza zikwizikwi omwe ndalama zawo zapanga chekecho amabwerera kwawo mwakachetechete.

Kudziyesa katswiri n'koopsa kuposa kungoyesa mwayi chifukwa cha zomwe munthu amachita akaluza. Wongoyesa mwayi akaluza K500 amadandaula n'kupita kukagona. Wodziyesa katswiri amaona kuluza ngati cholakwika chofunika kukonza, choncho amabwereza ndi ndalama yokulirapo kuti abweze yake. Ikatha amatenga ya feteleza, kenaka ya kubanki m'khonde ya mkazi wake, kenaka ya katapila, ndipo pa sitepe iliyonse amadziuza kuti akungobwereka kwa masiku awiri. Mathero ake nthawi zina amaposa umphawi. M'chaka cha 2021 ofufuza a bungwe la MEIRU pamodzi ndi anzawo a ku University of Glasgow adasindikiza lipoti la wachinyamata wa kumudzi, m'chigawo cha kumpoto, yemwe adadzipha pa nkhani yokhudza juga. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pali zifukwa zomwe ena amapereka poikira kumbuyo kubetcha, ndipo n'zofunika kuzimva. Amati ntchito kulibe, ndipo mnyamata yemwe adalemba MSCE n'kukhala pakhomo alibe njira ina yoonera K100,000 pakamodzi. Ululu umenewu ndi weniweni, koma njira yomwe mwachizolowezi imabweza K60 pa K100 siingakhale yankho la ulova. Amatinso makampaniwa amalipira msonkho, amalemba anthu ntchito ndi kuthandiza masewera. Izi n'zoona, bola tizikumbukira kuti ndalama zimenezo zimachokera m'matumba a oluza. Ena amati munthu wopitirira zaka 18 ali ndi ufulu wochita zomwe akufuna ndi ndalama yake. Ndikugwirizana nawo, ndipo sindikupempha kuti kubetcha kuletsedwe. Munthu woika K500 kuti gemu imukomere, akudziwa kuti wagula chisangalalo ngati momwe amalipirira pakhomo la showu, sakudzinamiza. Yemwe ndikulimbana naye ndi uja amene amati kubetcha ndi geni.

Kwa ameneyo ndili ndi pempho losavuta. Agule kope la K500, ndipo kwa miyezi itatu alembe tikiti iliyonse: tsiku, ndalama yomwe waika, ndi ndalama yomwe yabwera. Asadumphe ngakhale imodzi, ndipo asalembe zifukwa. Mlimi wa thonje sakana sikelo, ndipo wogulitsa usipa amadziwa madzulo aliwonse ngati wapindula. Ngati kubetcha ndi luso, kopelo lidzamuchitira umboni, ndipo palibe adzamutsutse. Ngati akuopa kulemba, ndiye kuti mumtima mwake yankho akulidziwa kale.

Ena nawo ali ndi mbali yawo. Bungwe la MAGLA liyenera kulamula kuti malonda a kubetcha azinena m'Chichewa chomveka kuchuluka kwa ndalama yomwe imatsalira kampani pa K100 iliyonse, m'malo mongotiuza kuti tibetche mosamala, mawu omwe aliyense amaganiza kuti akunena mnzake. Aphunzitsi a masamu m'sukulu za sekondale za ku Salima angaphunzitse mutu wa mwayi pogwiritsa ntchito tikiti ya magemu 10, chifukwa ophunzira awo akuidziwa kale kuposa zitsanzo za m'mabuku. Alangizi a zaulimi ndi atsogoleri a makalabu a alimi angaikambe nkhaniyi msika wa thonje usanatsegulidwe, ndalama isanafike m'manja. Ife a zinenero, mothandizana ndi Centre for Language Studies ku Zomba, tili ndi ntchito yopeza mawu osiyanitsa mwayi wa mpata ndi mwayi wa masamu, kuti mlimi ndi mwana wake athe kukambirana za kamodzi pa 35 m'chiyankhulo chawo.

Pomaliza, kudziwa mpira ndi chinthu chabwino, ndipo anyamata ambiri omwe amaloweza mayina a osewera a matimu 20 ndi zigoli zawo ali ndi mitu yakuthwa yomwe ikadatha kusunga mabuku a kalabu ya alimi kapena kuyendetsa geni. Chomwe chikuwasowa ndi munthu wowauza mosapsatira kuti nzeru zawozo akuzipititsa pamalo pomwe sizingabale kanthu, chifukwa mtengo udaikidwa kale ndi wina wodziwa masamu kuwaposa. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ngati muli ndi mchimwene, mlamu kapena mnzanu wa m'kalasi yemwe amati iye saluza, musakangane naye za Arsenal. Mufunseni kuti chaka chino waika zingati ndipo zabwera zingati, kenaka mudikire yankho.